Kodi phwando la oimba otchuka lingatiphunzitse za kusintha kwa nyengo?

FUNSO

Akonzi,

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kuno kwa Changata, m'boma la Thyolo, ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya achinyamata yosamalira chilengedwe. Chichitikireni namondwe wa Freddy, achinyamatawa akhala akundiumiriza kuti tiitane woimba wotchuka wa m'tauni adzaimbe pabwalo la sukulu, kuti anthu adziwe za kusintha kwa nyengo, ifenso tipezepo ndalama zogulira mbande za mitengo. Akuti kunja ndi mmene amachitira. Koma akuluakulu a komiti ya sukulu akukana. Akuti anthu adzavina, ena adzaledzera, m'mawa mwake aliyense adzalawirira kukatchola tiyi ngati palibe chachitika, ife n'kutsala ndi ngongole. Ine ndasowa pogwira. Kodi maphwando oterewa amatseguladi anthu m'maso, kapena ndi phokoso chabe?

Mphunzitsi, kwa Changata, Thyolo

YANKHO

Aphunzitsi,

Musanawerengere mtengo wa zokuzira mawu, dzifunseni kuti ndani kwa Changata amene sadziwa kuti nyengo yasokonekera. Mayi wotchola tiyi amazionera pa sikelo: mvula ikadula pakati pa dzinja, masamba saphukira, dengu limapepuka, malipiro nawo n'kuchepa. Mlimi wa tiyi wa m'mudzi amadziwa kuti chiperoni, kamvula kowaza kochokera cha ku Mozambique kamene kamanyowetsa minda m'miyezi yozizira, kakachepa tiyi amafota dzinja lisanafike. Agogo amene ankabzala chimanga ndi mvula yoyamba osaopa kanthu, lero amabzala kawiri. Anthu awa anaona namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe patangopita milungu yochepa, kenako Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu mazanamazana ndi kusiya oposa 600,000 opanda pokhala m'chigawo cha kumwera. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi. Woimba wochokera m'tauni sangawauze anthuwa chachilendo pa nkhani yakuti zinthu zasintha. Akusowa zina: kumvetsa chimene chikuyambitsa, kudziwa chochita, ndiponso mphamvu zochitira. Phwando lanu liyezedwe pa zimenezi.

Achinyamata anu sakunama kuti kunja amachita. Pa 13 Julayi 1985, Bob Geldof ndi Midge Ure anasonkhanitsa oimba otchuka ku London ndi ku Philadelphia pa phwando la Live Aid, lothandiza anthu amene ankafa ndi njala ku Ethiopia. Linapeza ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Linatheka chifukwa pempho lake linali losavuta kumva: anthu akufa ndi njala, perekani ndalama tigule chakudya. Woonera ankadziwa chochita nyimbo isanathe.

Mu Julayi 2005 kunachitika Live 8, masiku ochepa atsogoleri a mayiko olemera a G8 asanakumane ku Gleneagles, ku Scotland. Apa sankapempha ndalama kwa oonera. Ankafuna kuti atsogoleriwo akhululukire mayiko osauka ngongole ndi kuwonjezera thandizo. Malawi inakhululukiridwa gawo lalikulu la ngongole zake zakunja mu 2006, pa nthawi ya Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo komweko. Koma tisapereke ulemu wonse kwa magitala. Mipingo ndi mabungwe anali atamenyera nkhaniyi kwa zaka zambiri kudzera mu kampeni ya Jubilee 2000, ndipo nduna za chuma za mayiko olemerawo zinali zitagwirizana kale mu Juni, phwandolo lisanachitike. Oimba anabwera kudzakankha chinthu chimene ena anali atachisenza kale mtunda wautali.

Phwando lofanana kwambiri ndi limene achinyamata anu akulilota ndi Live Earth, la pa 7 Julayi 2007, limene anakonza Al Gore ndi Kevin Wall. Linachitika tsiku limodzi ku London, Johannesburg, Sydney, Tokyo, Rio de Janeiro ndi mizinda ina, ndipo Madonna, yemwe Amalawi timamudziwa bwino, anaimba nawo ku Wembley. Cholinga chinali kudziwitsa anthu za kusintha kwa nyengo. Geldof mwiniwake analidzudzula kuti anthu akudziwa kale za vutoli, ndipo phwando lopanda chinthu chenicheni chokakamiza andale ndi makampani kuchita silipita patali. Ena anaseka kuti oimba anabwera pa ndege zawozawo kudzalalikira za kuchepetsa utsi. Patapita zaka ziwiri, msonkhano waukulu wa zanyengo ku Copenhagen unatha popanda pangano lomanga mayiko, ndipo mpweya wotenthetsa dziko wakhala ukuwonjezereka kuyambira pamenepo.

Mukayika maphwando atatuwa pamodzi, chikuoneka ndi ichi: woimba amatha kusonkhanitsa anthu, amatha kukopa atolankhani, amatha kutsegula zikwama za anthu kwa tsiku limodzi. Zimenezi si zazing'ono. Koma khamu likasonkhana popanda pempho lodziwika, limabalalika mmene linabwerera. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma omwewo anatinso mlendo ndi mame. Zonse ziwiri ndi zoona pa woimba wanu, ndipo zili kwa inu eni mudzi kukonzeratu chimene kalumoko kadzadule mame asanaume.

Kwathu kuno tili ndi zitsanzo zabwino kuposa zakunja. Mu 2017 Patience Namadingo anayenda ndi gitala yake kusonkhetsa ndalama zothandizira wodi ya ana odwala khansa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Anthu anapereka chifukwa ankadziwa malo, ankadziwa odwala, ndipo aliyense akanatha kupita kukaona ngati zagulidwa. Mu Januwale 2021, Covid-19 itavuta, mlembi Onjezani Kenani anatsogolera Amalawi kusonkha ndalama zogulira mpweya wopumira ndi zipangizo za m'zipatala, ndipo chimene chinakoka anthu ndi chakuti ankaulula pa Facebook ndalama zolowa ndi zotuluka. Iye si woimba, koma phunziro lake ndi la oimba onse: Mmalawi amapereka akaona kumene ndalama yake yapita.

Tsono vuto la nkhani ya nyengo ndi lakuti ilibe wodi imodzi yoti muiloze. Pamafunika kuiphwanya, ndipo apa m'pamene inu monga mphunzitsi mungachite zimene woimba sangathe. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Choyamba ndi kutentha kwa dziko lonse, kumene kwadza makamaka chifukwa cha malasha, mafuta ndi gasi zimene mayiko a mafakitale akhala akuwotcha kwa zaka zoposa 100. Africa yonse imatulutsa mpweya wosakwana magawo 4 pa magawo 100 alionse, ndipo gawo la Malawi ndi laling'ono zedi. Nyanja ikatentha, mitambo imasenza madzi ambiri, ndipo akatswiri a World Weather Attribution anapeza kuti kutenthaku kunawonjezera mvula imene inabwera ndi anamondwe a kumayambiriro kwa 2022, kuphatikizapo Ana, amene anawononga damu la magetsi la Kapichira. Freddy anakhala moyo masiku 36 kuchokera kufupi ndi Australia, nthawi yaitali kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. Mayi wofuna nkhuni kwa Changata si amene anamuitana.

Chachiwiri ndi kuwonongeka kwa malo athu, kumene kumachititsa kuti mvula yomweyo iphe anthu ambiri. Phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo, kumene kunkapezeka kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe, inatha pafupifupi yonse, ndipo m'malo mwake muli minda. Mvula yamphamvu ikagwa pa mtsetse wolimidwa mpaka pamwamba, dothi limatsetsereka ndi miyala, chimene makolo ankachitcha napolo. Ichi chachiwirichi ndicho chili m'manja mwanu.

Koma ngakhale pamenepa samalani ndi uthenga. Anthu a ku Thyolo salima m'mapiri chifukwa cha umbuli. Malo ambiri achonde ali m'maesiteti a tiyi ndi makadamiya kuyambira nthawi ya atsamunda, anthu achuluka, ndipo banja lopanda munda limakwera phiri. Nthochi zimene zinkadyetsa mabanja ku Thekerani ndi ku Molere zinatha ndi matenda a chisaka. Woimba akadzaima pa nsanja n'kumakalipira anthu oterewa kuti asiye kudula mitengo, iye n'kukwera galimoto kubwerera m'tauni kumene chakudya chake chimaphikidwa ndi makala ochokera kumidzi komweko, anthu adzamuwombera m'manja chifukwa cha ulemu basi. Mumtima adzadziwa kuti sakuwadziwa.

Nkhawa ya ngongole imene akuluakulu a komiti ali nayo ndi yomveka. Woimba wotchuka amabwera ndi gulu lake, ndipo pamafunika malipiro, galimoto, zokuzira mawu, jenereta ndi mafuta ake, chakudya, malo ogona ndi achitetezo. Kuti zonsezi zibwerere, mtengo wa pakhomo uyenera kukwera kufika pamene wotchola tiyi sangaufikire, ndiye kuti amene mumafuna kuwafikira adzamvera kunja kwa mpanda. Mukatsitsa mtengo, mbande sizigulika. Lembani zonse papepala musanalonjeze kanthu, ndipo ngati woimbayo sakuvomera kubwera mwaulere kapena palibe wokulipirirani, musakongole.

Ine ndikanakhala inu ndikanatembenuza ndondomeko. Yambani ndi nazale. Mbande zodzala mu Disembala zimafesedwa miyezi ingapo m'mbuyo, ndipo sizilira ndalama zambiri: njere, machubu, manyowa, madzi ndi manja a achinyamata anu. Alangizi a zaulimi ndi a zankhalango a m'dera lanu angakuuzeni mitengo yoyenera m'mphepete mwa mitsinje, monga mbawa ndi katope, komanso yobwezera chonde m'munda monga gliricidia ndi nsangu. Bulugama asiyeni kutali ndi akasupe. Maesiteti oyandikana nanu ali ndi manazale ndi anthu odziwa ntchitoyi. Kalata yochokera kusukulu yopempha machubu kapena njere si yovuta kulemba. Sankhani malo amodzi odziwika, kaya ndi chigwembe chimene chikudya msewu wa kusukulu, kaya gombe la mtsinje umene unasefukira nthawi ya Freddy, ndipo mugwirizane ndi anyakwawa kuti akatetezedwa bwanji ku mbuzi ndi moto. Pa minda ya pa mtsetse, akalozera ndi udzu wa vetiva zimagwira dothi chaka chomwecho, mitengo isanakule.

Palinso chidziwitso chimene chimapulumutsa moyo usiku umodzi, ndipo ambiri alibe. Nthambi ya zanyengo ikalengeza pa wailesi kuti kukubwera namondwe, ndani m'mudzi amene amalandira uthengawo ndi kuufalitsa? Nyumba ziti zili m'njira ya madzi? Anthu athawire kuti, ndipo ndani anyamule okalamba ndi olumala? Komiti yoona za ngozi ya m'mudzi mwanu ilipo, nanga imakumana? Freddy analengezedwa masiku angapo asanafike, komabe ambiri anagona m'nyumba za m'munsi mwa mapiri chifukwa sankadziwa kopita. Ngati tsiku lanu lingathe banja lililonse likudziwa mayankho a mafunso amenewa, mwaposa Live Earth.

Zimenezi zikayamba, chitani phwando, chifukwa anthu amafunikadi kusangalala, ndipo nyimbo imalowa kumene ulaliki sulowa. Lichitike chakumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, nyengo yodzala mitengo ya boma, imene imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ili pafupi. Pakhomo pakhale paulere. Patsogolo pakhale magulu a tchopa, makwaya a m'mipingo ndi masewero a ana anu, m'Chichewa ndi m'Chilomwe, popeza amenewa adzaimbabe nyimbozo pa maukwati ndi m'minda chaka chonse. Itanani mfumu yaikulu, khansala, phungu wa Nyumba ya Malamulo, a ku khonsolo ndi oyang'anira maesiteti, ndipo aliyense anene pagulu chinthu chimodzi chimene achite ndi mwezi umene achitire. Apa m'pamene dzina la woimba wotchuka limagwira ntchito yake yeniyeni: akuluakulu amene sakanabwera kudzamva mphunzitsi amabwera kukakhala makamera. Mayiko anagwirizana mu 2022 ku Sharm el-Sheikh kukhazikitsa thumba lolipirira zowonongeka ndi kusintha kwa nyengo, ndipo boma la Scotland linatumiza kale ndalama za mtundu umenewu kwa mabanja ena okhudzidwa ndi Freddy ku Nsanje. Phungu wanu afunsidwe pamaso pa anthu kuti Thyolo ili pati pa nkhani imeneyi.

Pomaliza, gwirizanani ndi komiti za mmene mudzadziwire ngati zatheka. Kuchuluka kwa anthu ovina sikukuuzani kanthu. Lembani pa bolodi la sukulu ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, mayina a olonjeza ndi malonjezo awo, ndi chiwerengero cha mbande zodzalidwa. Mu Okutobala wa chaka chotsatira, dzuwa litawomba, achinyamata akawerenge mitengo imene yapulumuka. Mukakhala ndi chiwerengero chimenecho m'manja, mulembereni woimbayo. Oimba ambiri amalandira makalata opempha tsiku ndi tsiku, koma ndi ochepa amene amaitanidwa kuti adzaone ntchito yogwiridwa kale, ndipo kalata yotero ndi yovuta kuikana.