Kumanga Khola la Nkhuku la M'mwamba

Palibe mudzi m'dziko muno wopanda nkhuku, koma achikumbi amene amazimangira pogona poyenera ngowerengeka. Zambiri zimagona m'mitengo ya mango, zina m'khichini pambali pa mafuwa, zinanso m'nyumba momwe mugona ana. Thadzi likaswa anapiye khumi mwini wake amakondwa, koma pakutha miyezi iwiri apeza kuti atsala atatu, ndipo amangoti ndi tsoka. Si tsoka ai. Ena anagwidwa ndi bvumbwe usiku, ena anafa ndi mvula ndi chisanu, ndipo ena anafooka chifukwa cha utitiri. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Momwemonso nkhuku zanu ndi zimene zagona m'khola lotseka. Za mumtengo ndi za bvumbwe.

Munthu ali yense wodziwa kumanga nkhokwe kapena chigafa cha fodya angathe kumanga khola ili ndi manja ake, osalemba mmisiri.

CHIFUKWA CHAKE LIKHALE M'MWAMBA

Khola lapansi limachita chinyezi m'dzinja, ndipo zitosi zimaunjikana pomwe nkhuku zigona. Likongwe, njoka, makoswe ndi linthumbu zimalowamo mosabvuta. Koma khola lokwezeka limakhala louma, mphepo imapita pansi pake, ndipo zitosi zimagwa pansi pomwe mungathe kuzisesa. Kugona ndi nkhuku m'nyumba nkoipa koposa, pakuti ana okwawa amagwira zitosi nkuika manja m'kamwa, ndipo amadwala m'mimba.

NTHAWI NDI MALO

Nthawi yabwino ndi mwezi wa Juni kapena Julayi, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndiponso nchito ya fodya itachepa. Pamenepo udzu wakhwima ndipo moto wolusa usanautenthe. Musadikire mvula, pakuti nthawi imeneyo manja onse afunika kumunda.

Sankhani malo okwera, osadikha madzi, pafupi ndi nyumba kuti mumve nkhuku zikalira usiku. Pakhale mthunzi masana, koma nthambi za mtengo zisakhudze denga, chifukwa njoka ndi bvumbwe zimatsikira pa nthambi. Lambulani tchire lonse lozungulira.

ZOFUNIKA

Khola la mapazi 6 m'litali ndi mapazi 4 m'lifupi likwanira nkhuku zazikazi 10 ndi tambala mmodzi, ngati zingogonamo usiku ndi kutuluka m'mawa. Konzani izi:

Mphanda 6 zolimba, zotalika mapazi 5.
Mitanda itatu yoyala pa mphanda.
Nsichi za makoma ndi phaso la denga.
Nsungwi kapena bango.
Luzi, udzu wofolera, ndi zidutswa za malata kapena zitini zakale.

Dulani mitengo yobzala nokha monga bulugama kapena keshya, kuti mitengo yachilengedwe itsale. Sendani makungwa onse, pakuti pansi pa makungwa ndi pomwe tizirombo toyamwa nkhuku timabisala.

KAMANGIDWE KAKE

1. Wauni pamoto kunsi kwa mphanda kufikira kutada, kuti chiswe chisadye msanga. Kumbani maenje akuya mapazi 2, atatu mbali iyi ndi atatu mbali inayo. Zikani mphandazo nimutsendere dothi kolimba. Pamwamba pa nthaka patsale mapazi 3, ndipo mphanda zonse zilingane.

2. Pa mphanda iri yonse kulungani lata ngati chipewa choyang'ana pansi, monga tichitira pa miyendo ya nkhokwe. Khoswe akakwera adzafika palatapo nkubwerera.

3. Yalani mitanda pa mphanda nimumange ndi luzi lonyowa, pakuti likauma limagwira zolimba. Pamwamba pake yalani nsungwi zong'amba, kusiya mpata wa inchi imodzi pakati pa nsungwi ndi inzake, ndiko kunena ponga chala chachikulu. Mpata ukachepa zitosi sizigwa; ukakula miyendo ya nkhuku imakodwa, ndipo likongwe amapeza polowera.

4. Imikani nsichi za makoma zotalika mapazi 3, nimuluke nsungwi mothithikana. Mbali imene kuchokera mphepo ya mwera muiphome ndi dothi, chifukwa ndiyo imabweretsa chisanu. Mbali zinazo zisaphomedwe kumtunda, kuti mpweya uzilowa. Nkhuku zotsekeredwa mopanda mpweya zimadwala chifuwa.

5. Mangani denga lotsetsereka bwino, lotulukira kunja kwa makoma phazi limodzi ndi theka, kuti mvula yamphepo isalowe. Folerani udzu wochindikala. Tsekani ndi nsungwi mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Ambiri amaiwala pamenepa, ndipo mdani amalowera pomwepo.

6. Khomo likhale kumbali yosawomba mphepo, ndipo likule ndithu kuti munthu athe kulowetsa mapewa ndi tsache. Khola losasesedwa chifukwa cha kuchepa kwa khomo limasanduka nyumba ya utitiri. Chitseko chikhale ndi mpiringidzo. Pangani makwerero opepuka, ndipo madzulo ali onse nkhuku zikalowa muziwachotsa.

ZA M'KATI

Nkhuku imakonda kugona pamtengo. Pingasani mitengo iwiri yosalala, yonenepa ngati mpini wa khasu, phazi limodzi pamwamba pa nsungwi zoyala. Nkhuku iri yonse ifuna malo a mainchesi 8. Mitengoyi ikhale yolingana msinkhu, pakuti wina ukakwera zonse zidzalimbirana wapamwambawo. Amene ali ndi nkhuku zakuda za Mikolongwe, zimene dzina lake lina ndi Black Australorp, asakweze mitengoyi kuposa pamenepa, chifukwa nzolemera kuposa zachikuda.

Zisa ziikidwe kumbali yophomayo, kumene kuli kamdima. Chisa chikhale phazi limodzi mbali zonse. Dengu lakale kapena mphika wosweka zichita bwino. Zisa zitatu zikwanira nkhuku 10 zoikira, koma thadzi lofungatira lipatsidwe chisa chakechake kwa masiku onse 21, kuti anzake asamaikire mazira atsopano pansi pake. Pansi pa udzu wa m'chisa thirani phulusa. Alimi a fodya angathe kuikaponso zinyenyeswa za masamba ouma zotsala posankha fodya, pakuti zimathandiza kuingitsa nsabwe. Koma zikhale pansi pa udzu, pomwe nkhuku sizingazidye.

ANAPIYE

Anapiye ongoswedwa sangathe kukwera makwerero, ndipo miyendo yao imalowa m'mipata ya nsungwi. Madzulo muwanyamule pamodzi ndi make, nimuwaike pangodya pomwe mwayala chidutswa cha mphasa. Masana muwabvundikire ndi dengu lalikulu loluka motakasuka, pamthunzi, kuti mphamba ndi akhwangwala asawaone. Muwapatse madeya, chiswe, masamba odula ndi madzi oyera m'mbale yosazama. Chitani chotero kwa masabata 4 kufikira 6, pakuti anapiye ambiri amatayika pa msinkhu umenewu.

KUSAMALA KHOLA

Sesani m'kati ndi pansi pa khola kamodzi pa sabata, nimuwaze phulusa. Thadzi likaswa, tenthani udzu wa m'chisa chake ndi kuika watsopano. Zitosi musataye: ndi manyowa amphamvu kuposa ndowe za ng'ombe. Koma zaziwisi zimawaula mbeu, choncho ziunjikeni pamodzi ndi mapesi ndi zinyalala kufikira zitaola, ndipo pamenepo mukathire kudimba kapena m'munda wa chimanga.

CHIMENE KHOLA SILINGATHE

Khola limaletsa zirombo ndi mvula, koma sililetsa chitopa. Nthendayi, imene pa Chingerezi imatchedwa Newcastle chifukwa inaoneka mu mzinda wa dzina limenelo ku England m'chaka cha 1926, iribe mankhwala ochiza, ndipo ingathe kutha nkhuku za mudzi wonse m'masabata ochepa, makamaka nyengo yotentha. Chitetezo chake ndi katemera. Wa mtundu wa I-2 ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iri yonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, miyezi 4 iri yonse, nkhukuzo zisanadwale. Apa khola lithandizanso: tsiku la katemera simuthamangitsana ndi nkhuku m'tchire, mungozisiya zotsekera kufikira wotemera atafika.

Nkhuku yogula kumsika kapena yopatsidwa ndi abale isalowe m'khola msanga. Ikhale payokha masabata awiri. Yakufa ndi nthenda ikwiriridwe mozama kapena itenthedwe.

Yambani kudula udzu ndi nsungwi mwezi uno. Mukafuna kuona khola lomangidwa kale, kapena kudziwa tsiku la katemera m'dera lanu, funsani Mlangizi wa zaulimi kapena wa ziweto amene ali pafupi nanu.