Kufotokoza Malo Poitana Thandizo pa Foni

Mayi woyembekezera akayamba kutaya magazi usiku, kapena galimoto ikagubuduzika pamsewu wa M1 pakati pa Mponela ndi Madisi, foni ya m'manja imafikitsa uthenga m'kanthawi kochepa. Komabe ambulansi kapena apolisi sangafike msanga ngati woimbayo sanafotokoze bwino malo. Nthawi zambiri wolandira foni amangoona nambala. Mudzi, chigwa ndi mlatho saziona.

M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi vutoli ndi lalikulu, chifukwa njira zambiri zilibe zikwangwani ndipo mayina a midzi ina amafanana. Kunena kuti "kuno kwathu" kapena "pafupi ndi tchalitchi" kumatayitsa nthawi imene wodwala alibe.

Woimba foni ayenera kutsata ndondomeko iyi:

1. Ayambe ndi malo asanafotokoze zambiri za ngoziyo, popeza foni ikhoza kuduka kapena batire kutha.

2. Atchule boma, mfumu yaikulu, gulupu, kenako mudzi. Kunena kuti "kwa Chiwere ku Dowa" kapena "kwa Nthondo ku Ntchisi" kumathandiza dalaivala kudziwa kolowera asananyamuke.

3. Atchule malo odziwika amene ali pafupi, monga msika wa Chezi, Malomo kapena Mvera, ndi kufotokoza pokhotera: kumanja kapena kumanzere, pochokera mbali iti.

4. Anene mmene msewu ulili. M'nyengo ya dzinja, mlatho ukakokoloka kapena mtsinje ukadzaza, atchule njira ina.

5. Atume munthu kukadikira pamphambano, atanyamula tochi ngati ndi usiku.

M'zigwa netiweki imavuta, ndipo anthu amakwera pachitunda kuti aimbe. Wochita zimenezi anene momveka kuti pamene waimapo si pamene pali wodwala, ndipo asachokepo msanga, chifukwa dalaivala angafune kumuimbiranso.

Amene ali ndi foni yamakono atsegule GPS ali pamalo a ngozi. Pa WhatsApp angathe kutumiza malowo kwa wogwira ntchito amene nambala yake akuidziwa, koma pamafunika bandulo ya intaneti. Pa Google Maps, akadina ndi kugwira pamene pali kadontho ka buluu, pamatuluka manambala awiri amene angatumizidwe pa uthenga wamba kapena kuwerengedwa pafoni. M'madera ambiri a maboma awiriwa, nambala yoyamba imayamba ndi -13, yachiwiri ndi 33 kapena 34.

Nambala ya apolisi ndi 997. Kuwonjezera apo, banja lililonse lisunge nambala za chipatala chapafupi, mlangizi wa zaumoyo ndi polisi ya m'dera, m'foni komanso papepala. Mafumu ndi makomiti a chitukuko a m'midzi agwirizane ndi anthu awo za malo amodzi odziwika okumanirana ndi ambulansi, ndipo ana asukulu aphunzitsidwe kufotokoza njira yofikira kwawo tsiku la ngozi lisanafike.