Phunziro 14: A Marcelino dos Santos

Anzathu a m'koperativa, m'phunziro lapitali tinawerenga za kusunga mbewu ya chimanga kuti anankafumbwe asaidye. Lero khasu tiliyike pambali pang'ono. Tiwerenge za munthu.

Dzina lawo ndi a Marcelino dos Santos. Anabadwa pa 20 Meyi 1929 ku Lumbo, m'mbali mwa nyanja ya mchere, m'chigawo cha Nampula. Anakulira ku Lourenço Marques, mzinda umene lero tikuti Maputo. Masiku amenewo dziko linali m'manja mwa Apwitikizi. Agogo athu amatiuza za chibalo, za msonkho, za thonje lolima mokakamizidwa, ndi za mbalamatodya kwa munthu wokana.

Mu 1947 a Marcelino anapita ku Lisbon kukaphunzira. Kumeneko anakumana ndi anyamata ena ochokera m'maiko olamulidwa ndi Portugal: Amílcar Cabral wa ku Guinea-Bissau, Agostinho Neto ndi Mário de Andrade a ku Angola. Pocheza anaona kuti chikoti chowamenya onse ndi chimodzi. Apolisi a PIDE anayamba kuwalonda. A Marcelino anachoka napita ku France.

Iwo anali mlakatuli. Ndakatulo zawo ankasaina ndi maina ena, Kalungano ndi Lilinho Micaia. Paja nthawi imeneyo dzina lenileni pansi pa ndakatulo likanatha kukulowetsa m'ndende. Buku lawo la ndakatulo, Canto do Amor Natural, linatuluka mu 1987. Ndakatulo yawo ina yodziwika imakamba za kubzala, ndipo mbewu yake ndi ufulu. Koma taganizani izi. Analemba m'Chipwitikizi. Pamene tinalandira ufulu, mwa anthu 10 alionse oposa 9 sankadziwa kuwerenga. Ndiye kuti alimi enieni, obzala ndi manja awo, sanathe kuiwerenga ndakatulo yonena za iwo. Atsamunda sanatilande nthaka yokha ayi.

Pa 25 Juni 1962 ku Dar es Salaam magulu atatu anagwirizana kupanga FRELIMO: UDENAMO, MANU ndi UNAMI. Gulu la UNAMI linali la anthu a kwathu kuno ku Tete amene anathawira ku Nyasaland. A Marcelino anali mmodzi wa oyambitsa FRELIMO, mtsogoleri ali a Eduardo Mondlane. Nkhondo inayamba pa 25 Seputembala 1964, ndipo mu 1968 inakolera kuno ku Tete.

Nanga a Marcelino ankamenya nkhondo yotani? Yawo inali ya pakamwa ndi ya cholembera. Ankayenda maiko kufotokoza mavuto athu ndi kupempha thandizo: zida, mankhwala, malo a sukulu. Ena angati, aa, imeneyo si nkhondo. Ife tikuti ndi nkhondo ndithu. Msilikali ali m'tchire sangaombe mfuti imene munthu wina sanakamupemphere.

Tamvani chimene chinachitika pa 1 Julayi 1970. Papa Paulo VI analandira a Marcelino, a Cabral ndi a Neto ku Vatican. Boma la Portugal linkauza dziko lonse kuti anthu atatuwa ndi zigawenga, ndi kuti ilo likuteteza Chikhristu mu Afrika. Tsopano Papa yemweyo wawatsegulira chitseko! Boma la ku Lisbon linapsa mtima mpaka linaitanitsa kazembe wake. Tsiku limenelo chipolopolo sichinalire, koma atsamunda anavulala.

A Mondlane anaphedwa ndi bomba pa 3 Febuluwale 1969. Kwa kanthawi FRELIMO inatsogoleredwa ndi anthu atatu: a Samora Machel, a Uria Simango ndi a Marcelino. Anasemphana maganizo, a Simango anachotsedwa. Mu 1970 a Samora anakhala pulezidenti, a Marcelino wachiwiri wawo. Ufulu utabwera, a Simango anamangidwa naphedwa popanda mlandu kuzengedwa m'khoti. A Marcelino anaikira kumbuyo zimenezo poyera. Sitibisa, anzathu. Mbiri ya munthu wamkulu tiiwerenge yonse.

Ufulu unafika pa 25 Juni 1975. A Marcelino anakhala nduna yoona za chitukuko ndi mapulani a chuma. Pa 24 Julayi chaka chomwecho boma linatenga nthaka, zipatala ndi masukulu kuti zikhale za anthu onse. Mwana wa mlimi anayamba kulowa pakhomo pamene kale ankangopenyera patali.

Koma pa ulimi zinthu sizinayende monga zinalembedwera. Ndalama zambiri zinapita ku minda ikuluikulu ya boma, monga CAIA ya ku Angónia. Kunabwera mathirakitala a kunja. Thirakitala ikafa, chitsulo chake kulibe. Pamenepo mlimi wa pakhomo, amene amadyetsa dziko, akusowa khasu, mchere ndi nsalu m'sitolo. Nanga agulitse chimanga chake kuti agule chiyani? Anthu ambiri anasamutsidwa kupita kumidzi ya pamodzi asakufuna, kusiya minda yawo ndi manda a makolo. Onjezanipo chilala ndi nkhondo ya pachiweniweni. Mu 1983 Msonkhano Waukulu Wachinayi wa FRELIMO unavomereza kuti alimi ang'onoang'ono anaiwalika. Ife tikuona kuti cholinga chinali chabwino, koma pulani inalembedwa ku Maputo mwini khasu asanafunsidwe.

Kuyambira 1987 mpaka 1994 a Marcelino anali wapampando wa Nyumba ya Malamulo. Iwo ankakhulupirira sosholizimu, ndipo sanausiye mpaka imfa. Komabe Nyumba imene ankaitsogolera ndi imene inavomereza malamulo atsopano a dziko mu 1990, olola zipani zambiri. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Chisankho choyamba cha zipani zambiri chinachitika mu Okutobala 1994, ndipo mpando uja anausiyira wina.

Anamwalira pa 11 Febuluwale 2020 ali ndi zaka 90. Anaikidwa ku Praça dos Heróis ku Maputo, kumene kuli a Mondlane ndi a Samora.

Tsopano tsekani buku, tikambirane. Chifukwa chiyani boma la Portugal linakwiya ndi Papa? Pulani ya munda wathu wa koperativa chaka chino analemba ndani, ndipo amayi anafunsidwa? Wapampando wathu akagonja pa voti, achite chiyani?

Lembani m'kope mawu awa katatu: ufulu, ndakatulo, pulani, phungu. Amene wamaliza athandize mnzake wa pambali.