Kromu Wathu ndi Chitsulo Chosachita Dzimbiri

Miyala ya kromu imene timakumba m'mapiri a Great Dyke kuno ku Mutorashanga imapita kukasungunulidwa m'ng'anjo, monga za kampani ya Zimasco ku Kwekwe. Kromu akasakanizidwa ndi chitsulo, pamatuluka chitsulo chosachita dzimbiri, chija amapangira masipuni, masinki ndi zipangizo za madokotala. Harry Brearley wa ku Sheffield anachipanga m'chaka cha 1913. Pa magawo 100 alionse a chitsulochi, kromu sayenera kuchepera magawo 10.5.

Kodi kromu amagwira ntchito yanji? Akakumana ndi mpweya, amapanga kakhungu kopyapyala kwambiri pamwamba pa chitsulo, kosaoneka ndi maso. Kakhunguka kamatchinga madzi. Kakakandika, kamadzipanganso kokha.

Vuto limabwera pa nthawi yodula ndi kupala. Mpeni wa makina, tupa kapena bulashi ya waya zimasiya tizidutswa ta chitsulo wamba titakanirira pamwamba. Chinyezi chikafika, tizidutswato timachita dzimbiri, ndipo pamaoneka timadontho tofiirira. Tikasiyidwa, timadya kakhungu kaja n'kuboola timaenje. Munthu amadandaula kuti anamugulitsa chitsulo chabodza, chonsecho cholakwa ndi chida chimene chinachikhudza.

Pofuna kuchotsa tizidutswato, amisiri amayamba ndi kutsuka mafuta ndi girisi, chifukwa asidi sagwira pamalo pamafuta. Kenako amaviika chitsulocho mu asidi wa nitric kapena wa citric, yemwe amapezekanso m'mandimu. Asidi amadya tizidutswa tija. Akatero amachitsukuluza ndi madzi oyera n'kuchiumitsa, kuti mpweya upangenso kakhungu katsopano. Asidi wa nitric amawotcha thupi, choncho magolovesi ndi magalasi oteteza maso ndi ofunika.

Mmisiri wabwino sangokhulupirira kuti ntchito yatheka, amayesa. Amapaka mankhwala a buluu otchedwa copper sulphate ndi kusunga malowo ali onyowa kwa mphindi 6. Pakaoneka mtundu wa mkuwa, ndiye kuti chitsulo wamba chikadalipo, ayambirenso kutsuka. Mankhwalawa ndi poizoni, sapakidwa pa ziwiya za chakudya. Njira ina ndi kuika chitsulocho pamalo a chinyezi chambiri kwa maola 24 ndi kuona ngati dzimbiri latuluka.

Kunyumba nakonso, musakweche sinki kapena poto wa chitsulo chotere ndi waya wa chitsulo wamba. Gwiritsani ntchito siponji ndi sopo, ndipo mukatsuka pukutani kuti paume.