Tsiku Lomwe Alamu Inanena Zoona

M'bandakucha wa pa 11 Meyi 2003, cha m'ma 4 koloko, alamu inalira m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Kunsthistorisches Museum mumzinda wa Vienna, ku Austria. Alonda analipo ndipo anaimva. Poganiza kuti yangolira pachabe, anaizimitsa osapita kukasuzumira m'chipinda chomwe inkaloza. Kunja kutayera, wogwira ntchito wina ndiye anapeza kabati yagalasi itaswedwa, Saliera mulibe.

Saliera ndi chiwiya chagolide choikamo mchere ndi tsabola, chomwe Benvenuto Cellini anamaliza kusula mu 1543, kusulira mfumu Francis I ya ku France. Mtengo wake ankauyerekeza pa mayuro 50 miliyoni. Wakubayo anakwera pa zitsulo zomwe amisiri anaimika kunja pokonza nyumbayo, analowera pawindo, anatenga chomwe anafuna, n'kutuluka. Chiwiyacho chinadzapezeka mu Januwale 2006 chili chokwiriridwa m'nkhalango pafupi ndi tauni ya Zwettl, mkuluyo atadzipereka yekha kupolisi. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali yoika ma alamu. Makinawo ankawadziwa, koma ndikuona kuti chomwe ankachidziwa koposa ndi mtima wa munthu amene wamva belu lomwelomwelo kambirimbiri osapezapo kanthu.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Ku Vienna chinaimba, eni ake n'kutontholetsa ng'omayo. Zinachitikanso ku London pa Isitala wa 2015, pamalo osungitsa ndalama ndi miyala yamtengo wapatali ku Hatton Garden. Alamu inalira pakati pausiku akuba ali kale mkati. Mlonda anabwera, anayang'ana zitseko chakunja, anaona zili bwinobwino, anabwerera kwawo. Apolisi anauzidwa koma sanatumize munthu, ndipo pambuyo pake anapepesa. Akubawo, ambiri a iwo nkhalamba, anaboola khoma lakonkire lokhuthala theka la mita ndi kutsegula mabokosi 73.

N'kosavuta kuwanena alondawa kuti ndi aulesi, koma tiyang'ane kaye chomwe chinawafikitsa pamenepo. Ku America zinapezeka kuti pa ma alamu 100 omwe apolisi amathamangira, pakati pa 94 ndi 98 amakhala opanda wakuba. Munthu amene wathamanga pachabe kochuluka chonchi, tsiku lina miyendo imalemera. Mizinda ina, monga Salt Lake City mu 2000, inafika poleka kutumiza apolisi pokhapokha wina atatsimikiza kuti pamalopo pathyoledwadi. Ku England ndi Wales, alamu ya akuba ikaitanitsa apolisi pachabe katatu m'miyezi 12, apolisi amasiya kuiyankha kufikira vuto litakonzedwa. Kwathu kuno, mabwana a alamu yanu ndi galimoto ya kampani yachitetezo, mlonda wa pageti ndi anansi. Awa salemba kalata yokudziwitsani kuti atopa. Amangoyamba kubwera mochedwa, ndipo mnansi amene poyamba ankadzuka n'kuyatsa getsi lapanja amangotembenuka n'kufunda bulangete.

Nthawi zambiri wolakwa si makina, ndi anthu a pakhomopo. Wina watseka shopu mothamangira minibasi, chitseko chakumbuyo sichinagwire bwino, mphepo yachikankha usiku. Wina walowa m'mawa akulankhula pafoni, masekondi oti alembe nambala yachinsinsi atha. Koma chomwe chimandidabwitsa ndi ichi: bwana amapereka makiyi a nyumba yonse kwa wantchito, amamusiyira ana ndi katundu, koma nambala ya alamu amamubisira, kapena amangomuuza kamodzi ali pakhomo akutuluka. Abale athu ogwira ntchito zam'nyumba ndi zam'minda ku Johannesburg ndi Cape Town akuidziwa nkhaniyi. Alamu ikalira, a kampani amaimba foni kufunsa mawu achinsinsi, wantchito sawadziwa, ndipo posakhalitsa pageti pafika anthu amfuti kudzafunsa munthu wosalakwa. Makina ambiri amalola munthu aliyense kukhala ndi nambala yakeyake. Mupatseni yake, mumuonetse kangapo mmene amatsekera ndi kutsegulira, ndipo akadzasiya ntchito mudzafufute nambalayo.

Tikabwera ku makinawo, kachipangizo koyera kamene kamakhala pakona yachipinda sikaona munthu ayi. Kamamva kutentha koyenda. Chilichonse chofunda chodutsa patsogolo pake, kwa iko ndi mlendo: mphaka wolumphira patebulo, khoswe wa m'sitolo ya chimanga, katani yotenthedwa ndi dzuwa ikamagwedezeka pawindo losiyidwa lotsegula. Nalimata kapena kangaude woyenda pagalasi lake penipeni amaonekera ngati chinthu chachikulu chifukwa ali pafupi kwambiri, ndipo nyerere zikapeza kabowo kolowera waya zimamanga mudzi mkati. Choncho kachipangizoka sikayenera kuyang'ana windo lolowa dzuwa, chitofu kapena makina oziziritsa mpweya. Muzikapukuta, mutseke timabowo, ndipo ngati muli ndi ziweto zogona m'nyumba, uzani woika alamu asanayambe ntchito, chifukwa tilipo tomwe tinapangidwa kuti tisamalabadire nyama zing'onozing'ono.

Nyengo yamvula ili ndi zake. Chitseko chathabwa chimafufuma n'kupotoka, maginito a pachitseko ndi a pafelemu n'kutalikirana. Pa mpanda wamagetsi, nthambi ya mango kapena chitsamba choyanga chikanyowa n'kukhudza waya, alamu imalira ngati munthu wagwirapo. Chikwanje chimathetsa vuto limeneli.

Batire ndiyo imaiwalika kwambiri. M'kabokosi kachitsulo ka alamu mumakhala batire ya mavolti 12 yomwe imagwira ntchito magetsi akathima. Pamalo pomwe magetsi savuta imatha kukhala zaka zitatu mpaka zisanu. Koma kumene amathimathima, monga kwathu kuno kapena ku South Africa m'chaka cha 2023, batire imatha mphamvu mobwerezabwereza isanadzaze, ndipo imafa msanga. Mphamvu ikatsika, tizipangizo timasokonezeka n'kuyamba kulira popanda chifukwa. Ngati alamu yanu imakonda kulira magetsi akangothima kapena akangoyaka, musafune mfiti, yambani mwayeza batire.

Choopsa kuposa zonsezi ndi mankhwala omwe eni nyumba ambiri amasankha akatopa. Mbali imodzi ikavuta mausiku angapo, amaidumphitsa pamakina kuti isamalirenso, n'kunena kuti adzaitana wokonza kumapeto kwa mwezi. Mwezi umatha, wina n'kubwera. Akuba ena amadalira zimenezi. Amagwedeza mpanda usiku, n'kubisala kuti aone ngati kubwere munthu ndipo atenga nthawi yaitali bwanji. Mawa lake chimodzimodzi. Mwini nyumba akafika pokhulupirira kuti mpanda wakumbuyo wawonongeka n'kuuzimitsa, wawatsegulira yekha njira. Alamu yolira pamalo amodzi, nthawi yofanana, mausiku otsatizana, siyenera kuonedwa ngati yamisala mpaka wina atakayendera pamalopo masana n'kuona ngati pali mapazi, udzu wopondedwa kapena waya wopindika.

Ubwino wake, makinawa sabisa. Amasunga mndandanda wosonyeza mbali yomwe inalira ndi nthawi yake, ndipo kampani yomwe mumailipira mwezi ndi mwezi ilinso ndi mndandanda womwewo. Ufunseni sabata ino. Kulira kulikonse kwa miyezi yapitayi kupezeredwe chifukwa chake, chikonzedwe. Ndipo usiku wina ikadzalira, musadzatuluke nokha ndi tochi, komanso musadzauze a kampani kuti asabwere chifukwa choti dzana inalira pachabe. Asiyeni abwere, ayang'ane mkati ndi kunja komwe.