Kuchoka ku Chileka kupita ku Joni: kodi ndi maola awiri okha?

Abale ndi alongo, Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, mayi ena a kwathu ku Madziabango anandionetsa tikiti ya ndege pa foni yawo. Mwana wawo wachira kumene ku Johannesburg, ndipo wawaitana kuti akamuthandize kulera khanda. "A katekisiti, akuti ndi maola awiri okha. Zoona zimenezi? Pajatu basi imagona panjira." Popeza ambiri muno tili ndi abale ku Joni, ndati yankho lake tigawane tonse.

Tiyambe ndi mtunda. Ndege sitsata msewu, imadula mlengalenga. Kuchoka ku Chileka kufika pa bwalo la OR Tambo ndi makilomita pafupifupi 1,350. Ndege ngati Boeing 737 ikakwera bwino imathamanga makilomita pafupifupi 800 pa ola. Mukagawa mupeza ola limodzi ndi mphindi 40. Koma ndege siyamba ndi liwiro limenelo: imayenda kaye pansi, imakwera, ndipo potera imachepetsa liwiro. Mukaphatikiza zonsezi ndi maola awiri ndi mphindi zochepa. Choncho mwana uja sananame.

Basi nayo sinama. Imadzera ku Lirangwe, Zalewa, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka ku Joni, makilomita oposa 1,700, ndipo imaima pa zipata zitatu za malire. Amene anagonapo pa mzere wa Beitbridge akudziwa kuti nthawi yambiri imathera pamenepo.

Koma nachi chimene chimagwetsa anthu ambiri: maola awiri aja ndi a mlengalenga okha. Pa ulendo wotuluka m'dziko muyenera kukhala mutafika pa bwalo la ndege maola awiri kapena atatu nthawi yonyamuka isanakwane, kuti aone pasipoti ndi kuyeza katundu. Akatseka pa kauntala atseka basi. Si minibasi ya ku Limbe yoti kondakitala angamenye chitseko kuti dalaivala akudikireni, ndipo tikiti ikapsa, kusintha tsiku nthawi zambiri kumafuna ndalama zina. Kwa mayi athuwa tinawerengera chobwerera m'mbuyo: kuchoka ku Madziabango kufika m'tauni, kuchoka m'tauni kufika ku Chileka (makilomita ngati 16), kudikira, kuuluka, kenako mzere wodinditsa pasipoti ku Joni. Tinapeza kuti ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo tinagwirizana kuti agone m'tauni kwa achibale usiku wake.

Masamu omwewa amatiphunzitsanso za ulendo wa ku Lilongwe. Mlengalenga ndi makilomita pafupifupi 250, ndipo ndege sitha ngakhale ola. Komabe bwalo la Kamuzu lili ku Lumbadzi, makilomita ngati 25 kuchoka m'tauni. Mukawonkhetsa kudikira ndi magalimoto a mbali zonse ziwiri, maola atatu apita, pamene basi yodzera ku Zalewa imatenga anayi kapena asanu pa makilomita oposa 300. Ine ndimati pa ulendo waufupi chotere, ngati si za matenda kapena maliro, ndalamayo isungeni.

Tsopano kawerengedwe ka tikiti. Nthawi amailemba pa wotchi ya maola 24: 13:30 ndi hafu pasiti wani masana, pamene 01:30 ndi pakati pa usiku. Nthawi yofika imakhala ya kumene mukupitako. Ku Johannesburg wotchi ndi yofanana ndi yathu, koma ku Nairobi ndi ku Addis Ababa ali patsogolo ndi ola limodzi, ndiye musadabwe ulendo ukaoneka wotalikirapo popita kusiyana ndi pobwera.

Achinyamata, ngati makolo kapena agogo alandira tikiti pa WhatsApp, khalani nawo pansi muwawerengere, ndipo muwalembere papepala ola loti anyamuke pakhomo. Amene zikuwavuta andipeze kunja kwa ofesi ya parishi Misa yachiwiri ikatha.