Nambala ya dalaivala mu gemu imachokera kuti?

Amene munasewerako gemu ya mpikisano wa magalimoto, kaya pa foni kaya pa PlayStation, munaona kuti dalaivala amakhala ndi nambala pambali pa dzina lake. Nambalazi zilipo mitundu iwiri, musamazisokoneze.

Mu gemu ya F1, kuyambira ya 2020, kampani ya Codemasters imapatsa madalaivala enieni malikisi osapitirira 99 poona liwiro lawo, luso lopitirira anzawo, kupewa ngozi ndi kuchuluka kwa mipikisano yomwe achitapo. Izi amakonza ndi eni gemu, basi.

Yosangalatsa ndi nambala yoyeza inuyo wosewera, monga iRating ya mu iRacing, gemu imene ngakhale Max Verstappen amasewera. Kawerengedwe kake kamafanana ndi njira ya Arpad Elo, yemwe ankaphunzitsa physics (eya, mnzathu ameneyo!) ku Marquette University ku America. Bungwe la chess la FIDE linayamba kugwiritsa ntchito njira yakeyi mu 1970.

Tiyerekeze akabaza awiri akupikisana kuchoka pa Tengani mpaka ku Bangula. Wina ali ndi mapointi 1600, mnzake 1200. Kwa Elo, kusiyana kwa 400 kukutanthauza kuti pa mipikisano 11, wamphamvuyo akuyembekezeka kupambana 10. Mwayi wake ndi 10/11, pafupifupi 0.91.

Tsono lamulo lake ndi ili: tengani zomwe zachitika (1 akapambana, 0 akagonja), chotsanipo mwayi uja, kenako chulukitsani ndi nambala yotchedwa K, tinene 20. Wamphamvu akapambana: 20 × (1 − 0.91), mapointi osakwana 2. Akagonja: 20 × (0 − 0.91), wataya 18, ndipo 18 yomweyo yapita kwa mnzake uja. Mwaona? Kugonjetsa ofooka tsiku ndi tsiku sikukufikitsani patali. Ine ndimaona kuti muyeso umenewu ndi wachilungamo kuposa kungowerenga kuti wapambana kangati.

Nanga wothamanga mogunda anzake? iRacing ili ndi muyeso wina wa chitetezo, wowerenga makona omwe mwadutsa popanda ngozi. Kutuluka mumsewu ndi chilango cha pointi 1, kugundana kwambiri ndi galimoto ina ndi 4, ndipo kompyuta sifunsa kuti wayamba ndani. Nonse awiri mulangidwa. Osewera amadandaula nazo zimenezi.

Ntchito yanu: akabaza onse awiri ali ndi 1400, K ndi 20. Wopambana apeza mapointi angati? Onetsani njira, osangolemba yankho.